Ine Fifitini, Woitanidwa Pomaliza

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1979, Lolemba m'mawa, ndipo amene anawabala ndine ndaima panone. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa pepala limene achimwene anga analemba kuti awerenge lero linali ndi mizere khumi ndi iwiri ya masukulu, mizere isanu ya maofesi, ine mzere umodzi, chakumapeto. Ndawalanda. Ndalemba langa. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, choncho ndikapunthwa mudikire, musandithandize. Andiuza kuti pa tsiku ngati lino ngakhale mwana wobala wekha umamutchula mwaulemu, kuti malemu, iwo, awo. Chabwino, ndiyesetsa. Koma mudziwiretu kuti malemuwa apita ali ndi ngongole yanga. Si ndalama ayi, a ku ofesi khazikani mitima pansi. Anandilonjeza kuti tsiku lina adzandiitana ine poyamba, ena onse pambuyo. Ndadikira zaka zisanu ndi zinayi. Ndipo inu amene kuyambira dzulo maso ali padenga la nyumba yangayi, kuopa kuti mlongoti wa wailesi uja ndiugwetsa, yankho lanu lili kumapeto kwa pepalali. Mudikire monga ndinkadikirira ine.

Malemu anali mwana wachiwiri mwa ana atatu, wamkazi yekhayo. Bambo awo anali okhoma zidebe, ine wogulitsa: zidebe, mabeseni, mapoto, chilichonse chosadontha. Popeza ndinalibe womusiyira mwana, ndinkawagoneka m'beseni lalikulu pansi pa tebulo langa pamsika, ndipo kawiri konse munthu anafunsa mtengo wa besenilo mwana ali momwemo. Ali ndi zaka zinayi anayamba kundiitanira ogula. Mawu awo ankadutsa mizere itatu ya matebulo mpaka kukafika poimira mabasi, osakuwa ayi, koma liwu lililonse lomveka palokha. Ndiye mukamati malemu anali ndi mawu abwino a pawailesi, dziwani kumene anawanolera. Sanawanolere m'kalasi mwa munthu.

Mu Januwale 1986 anayamba sukulu, ija ili kuseri kwa phiri, ya mageti awiri. Mu 1989, ali kalasi yachinayi, kunabwera mphunzitsi wachitsikana wa manja osalala, wonunkhira sopo ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ndi awa akhala kutsogolowa, amene lero ndi aphunzitsi aakulu pasukulu yomweyo. Musatembenuke nonse, akudzidziwa. Mu 1991 bambo a malemu anatisiya. Mu 1993, chaka cha mayeso, aphunzitsiwa anabwera patebulo langa n'kugula beseni osanenerera mtengo, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti adzera china. Anapempha kuti mwana azikagona kwawo, poti kunali magetsi owerengera, kwanga kunalibe. Ndinati mwezi umodzi. Iwo anati mpaka mayeso. Tinagwirizana miyezi itatu. Mwana anakhala zaka zisanu, mpaka kumaliza sekondale mu 1997, ndipo pobwerako anali akuwatchula kuti amayi. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene anapeka mwambi umenewu ayenera kuti anali wobwereka, osati wobwereketsa.

Mu Meyi 1999 malemu analembedwa ntchito ya ukalaliki pasukulu yomweyo, tebulo lawo kuyang'anizana ndi chitseko cha aphunzitsi omwewo. Pa 17 Ogasiti 2002 anamanga banja ndi akamwini anga awa, oyendetsa ambulansi. Akamwini ndilibe nawo mlandu, kupatula kuti amathamangitsa galimoto ngakhale mulibe wodwala, ndipo amadya ataimirira ngati akuthamangitsidwa. Tsiku la ukwati ine ndinali kuseri, kuyang'anira mabeseni anga amene anthu anabwereka kuti abwerere onse. Amene anakonza diresi la mkwatibwi pakhomo la tchalitchi mukumudziwa kale. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, mu 2003, mu 2006 ndi mu 2010.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yakubweretsani ambirinu, inu a mayunifolomu ndi inu a choko m'manja. Phiri tilipoli limagawa tauni pawiri. Kuseri kuli masukulu khumi ndi anayi. Kutsogolo kuli chipatala, ambulansi, ozimitsa moto ndi apolisi. Nyumba yanga ili pamwamba penipeni pomwe msewu umathera, chifukwa ndi malo okhawo amene ndinawapeza motchipa, anthu atakana kukwera. Kuseriko foni imagwira ikafuna.

Lachiwiri pa 21 Febuluwale 2012, chakumasana, mphepo inasasula denga la kalasi yachisanu, lata n'kutema mtsikana wina pantchafu. Aphunzitsi anayi anatulutsa mafoni, onse anayi duu. Malemu anavula nsapato n'kuthamanga kukwera phiri lonseli. Ine ndinali pakhonde, kutsuka mapoto ogulitsa. Nditawaona ndinadzuka, ndinati mwana wanga wandikumbuka, pakuti panali patatha miyezi itatu asanaponde pakhomo panga. Anandidutsa ngati mtengo, osapereka ngakhale moni, anakwera pansanja ya thanki la madzi, foni m'mwamba. Anadzera netiweki. Ambulansi inanyamuka, koma inafikira ku geti lalikulu limene linali lokhoma, kiyi ali ndi mlonda amene masana amakagona kwawo. Mpaka kuzungulira ku geti laling'ono, ola linali litadutsa. Mtsikanayo moyo unatsala, mwendo sunatsale. Ali pano lero, ndi telala, uyo ali ndi ndodo pambali pa mpandayo. Potsika pathanki paja malemu anangoti abwera Lamlungu. Sananene Lamlungu lake liti.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka 2014 malemu anali munthu wa m'maofesi. Anapeza kuti apolisi ali ndi mawailesi olankhulirana, a ambulansi ali nawo, ozimitsa moto ali nawo, koma aliyense pa njira yakeyake, osamvana, ngati apongozi okhala mpanda umodzi. Masukulu analibe kalikonse. Anakhala pamabenchi, analemba makalata, nsapato ziwiri zinatha zidendene. Bwana wina anawauza kuti abwere mawa kasanu ndi kawiri, ulendo wachisanu ndi chitatu anapita ndi mtsikana wa mwendo uja n'kumukhazika pampando wa bwanayo. Kukakamira kumeneko musafunse kumene anakutenga. Mapeto ake anapatsidwa njira imodzi ya onse, yoti sukulu ikangodina kabatani, a ambulansi, a moto ndi apolisi amve nthawi imodzi, komanso mawailesi khumi ndi anayi, sukulu iliyonse yake.

Poyamba zinakanika, ndipo zinakanika chifukwa cha anthu ophunzira. Aphunzitsi aakulu anatsekera mawailesi m'makabati kuopa akuba, kiyi m'thumba, iwo kumisonkhano. Ena mabatire anafera m'katoni osatsegula. Mmodzi, ndipo ali pano, anabweza yake ati ndi yowonongeka chifukwa sikugwira mpira. Malemu anakhazikitsa malamulo. Wailesi izikhala pamsomali pambali pa chitseko cha ofesi, osati m'kabati. Pasukulu iliyonse aidziwe anthu atatu, mphunzitsi, wophika ndi wosesa, chifukwa ophika ndi osesa sapita kumisonkhano. Polankhula osayamba ndi moni kapena kulira, unene zitatu basi: sukulu iti, geti liti, ovulala angati. Ndipo m'mawa uliwonse wa tsiku la sukulu, mphindi khumi seveni koloko itadutsa, sukulu iliyonse iitanidwe ndi nambala yake n'kuyankha, kuti wailesi yakufa idziwike m'mawa, osati magazi akutuluka. Mu Seputembala 2014 anachoka pa ukalaliki n'kukakhala m'chipinda cha mawailesi, ku malo oimika ma ambulansi.

Chinatsala ndi phiri. Mawu sankadumpha. Amisiri anati pafunika mlongoti pamalo okwera kwambiri, ndi bokosi lolandira mawu mbali iyi n'kuwaponyera mbali inayo, ndipo atayeza ponseponse anapeza denga langa. Mu Febuluwale 2015 malemu anabwera ndi bwana wa tayi, atanyamula buledi ndi shuga. Lamlungu lija linafika patatha zaka zitatu. Bwanayo anayamba kunena za lendi. Ndinamuuza kuti akakhale m'galimoto, nkhaniyi ndi ya ine ndi mwana wanga. Mtengo wanga unali umodzi. Ndinati mundipatse wailesi yanga, ndipo m'mawa uliwonse mukamaitana masukulu, muziyamba ndi ine. Malemu anati sizingatheke, belu limalira hafu pasiti seveni ndipo masukulu ayenera kutsimikizika ana asanalowe m'makalasi. Ndinati chabwino, wachiwiri. Anakana. Ndinati pakati. Anakana. Ndinati tengani buledi wanu. Anamutengadi, mpaka pakhomo. Ine amene ndagulitsa chidebe chobooka kwa munthu wokhoma zidebe, tsiku limenelo ndinagonja kwa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha. Ndinakhala nambala fifitini, wotsiriza. Chimene ndinapulumutsapo ndi lonjezo lija, lakuti tsiku limene adzasiye ntchitoyi adzayamba ndi ine. Sitinalembe paliponse. Mlongoti umene mukuuonawo waima pa mawu a pakamwa basi.

Ndiye tamverani mmene m'mawa wanga unkakhalira. Ndaika madzi a tiyi pamoto, wailesi ili pashelefu ya kukhitchini, bokosi lawo likung'ung'udza kuseri kwa chitseko pa soketi yanga. Kenako mawu a mwana wanga, oyera ngati ali m'chipinda chomwecho: «Wani, Wani, mwadzuka bwanji amayi?» Wani inali sukulu ya mageti awiri ija, ndipo woyankha anali mwini manja osalala. Mawu amenewo ankakwera phiri, kudutsa padenga langa, m'bokosi la pa magetsi anga, kupita kwa mkazi wina, ine ndikumvera. Thuu, Firii, Folo, mpaka Fotini. Tiyi wazizira. Pomaliza, Fifitini. Anandiuza kuti ndizingoti ndikukumvani, ova, kutanthauza kuti ndamaliza. Ine sindinadikire anthu khumi ndi anayi kuti ndinene mawu awiri. Ndinkanena za bondo langa, za mpopi wodontha, za mdzukulu amene sanabwere, apolisi onse akumva. Mpaka lero wapolisi akandiona pamsika amafunsa kuti Fifitini, bondo lili bwanji.

Kuti ntchitoyo inagwira, sindikana. Mu Juni 2016 khitchini ya sukulu nambala sikisi inagwira moto, ndipo anadina kabatani ndi mayi wophika, ananena zitatu zija osalira, galimoto ya moto inafika pa geti loyenera m'mphindi zisanu ndi zinayi. Mu 2017 njuchi zinalowa m'kalasi ku Leveni, ma ambulansi awiri anafika ana asanayambe kutupa. Zonsezi ndinazimva ndekha kukhitchini, dzanja lili pachifuwa. Anthu ankandiimika pamsewu kuti mwana wanu ndi mayi wa ana onse a kuseri kwa phiri. Ankaganiza kuti akundisangalatsa.

Tsopano ndinene chimene pepala la achimwene linalibe, chifukwa achimwene sakuchidziwa. Akamwini okha ndi amene akudziwa, ndipo akamwini, musandiyang'ane choncho, ndinena. Loweruka pa 14 Julayi 2018 malemu analandira chiphaso chaulemu kuholo ya tauni. Ndinasoketsa diresi. Pojambula chithunzi wojambulayo anati tiyandikirane, a Wani anayandikira, ine anandikankhira kumapeto. Chithunzicho chinatuluka, ndipo chili pakhoma la chipinda cha mawailesi mpaka lero. Muli malemu, muli bwana wa tayi, muli a Wani atagwira malemu paphewa. Ine muli phewa langa lamanzere ndi chingwe cha chikwama.

Lolemba m'mawa, ndikumva mwadzuka bwanji amayi, ndinapita kuseri kwa chitseko n'kuzula pulagi ya bokosi lija. Ndinkafuna kuti mawu aduke pomwepo, mwana wanga akwere phiri, andifunse chimene chandiwawa. Sanaduke. Thuu anayankha, Firii anayankha, onse mpaka Fotini. Sindinkadziwa kuti pansi pa bokosilo pali mabatire osunga moto masiku awiri. Ndinaganiza kuti anandinamiza, kuti bokosilo n'lopanda ntchito, analiika kuti gogo azidziona wofunika. Mtima unawira kuposa poyamba. Pulagi ndinaisiya pansi, ndipo ataitana Fifitini sindinayankhe. Lachiwiri chimodzimodzi. Malemu ankaitana katatu n'kutseka, akudziwa kuti amayi awo akafufuma amafufuma masiku atatu. Lachitatu m'mawa onse anayankha, ngakhale mawu anali okhakhala. Cha m'ma teni koloko mabatire anatha. Hafu pasiti teni mwana wa kalasi yoyamba ku Naini anabanika ndi mphumu. Mphunzitsi anadina kabatani, anamva kuwaza kokha ngati mvula palata. Anachita kuthamanga kufuna netiweki, ngati 2012. Ambulansi inafika patatha mphindi makumi asanu. Mwanayo anagona m'chipatala masiku anayi. Anachira, koma sikuti ndine ndinamuchiritsa.

Madzulo a tsiku limenelo dzuwa lisanalowe, malemu anakwera phiri, monga ndinkafunira. Analowa, anayang'ana kuseri kwa chitseko, anaona pulagi ili pansi pambali pa tsache. Anagwada, anaibwezera, anatulutsa tepi yakuda m'chikwama n'kuimata kuzungulira kanayi. Ndinali nditakonzeka kukangana, mawu anga onse ali pamzere. Iwo anangoti: «Amayi, mukafuna kulanga, langani ine. Ana aja sanakulakwireni.» Kenako anapempha tiyi, anamwa, anatsuka kapu, anapita. Ku ofesi analemba kuti vuto linali lawo, kuti mwezi umenewo sanayendere bokosilo. Anapatsidwa kalata ya chenjezo, inalowa m'failo mwawo, ndipo chaka chotsatira pamene ankasankha mkulu wa chipinda cha mawailesi anasankha wina. Sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi. Tepi ija ikadalipo, yemwe akufuna akaone. Makolo a mwana wa ku Naini, ngati muli pano, munthu wake ndine.

Mu Ogasiti 2023 malemu anayamba kudandaula za m'mimba ndi kuwonda. Madokotala anapeza khansa, itayala kale. Anachitidwa opaleshoni mu Seputembala, anayamba mankhwala aja othothola tsitsi, ndipo mu Okutobala anapuma pantchito. Panabuka nkhani yoti akadwalire kuti. Akamwini amagwira ntchito usana wonse. A Wani anati kwawo kuli chipinda chapansi, chopanda masitepe, pafupi ndi chipatala. Ndinawauza kuti miyezi itatu yawo ija inatha mu 1993. Pamenepo sindinagonje. Mwana wanga anabwera kuno, m'chipinda chimene anabadwiramo alongo ake, ndipo ndinawasambitsa m'beseni langa ngati kale.

Tsiku loyamba lomwelo ndinawakumbutsa za ngongole. Ndinati ntchito mwasiya, mawa muyambe ndi ine. Anaseka mpaka kugwira pabala, anati ntchito asiya koma kuitana sanasiye, a ku ofesi awalola kuti aziitana ali pabedi ndi wailesi ya m'manja. Mwana wa wogulitsa zidebe. Ndiye zinakhala chonchi. Mawailesi awiri akayandikana m'chipinda chimodzi amalira mokwiya ngati nkhumba, choncho yanga inayenera kukhalabe kukhitchini. M'mawa uliwonse ndinkawakhazika, pilo kumsana, kuwanyowetsa milomo, kuwapatsa wailesi. Ndinkakhala kumiyendo kwawo ndikumva mwadzuka bwanji amayi akuuza munthu wina, ine ndili pompo ndi thaulo m'manja. Akafika pa Thwelofu ndinkadzuka ndi bondo langali kupita kukhitchini, kuti mwana amene ali kuseri kwa khoma andifunse ngati ndikumumva. Miyezi isanu ndinayenda ulendo umenewo. Ndinkadandaula tsiku lililonse, ndipo sindinajombepo.

Lachinayi pa 7 Malichi 2024 anadzuka ofooka kwambiri. Ndinati lero siyani, aitane a ku ofesi. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa. Ndinaganiza kuti mwina lero ndi tsiku lija. Anadina kabatani n'kuti Wani. Chabwino. Thuu. Firii. Mawu ankachepa ngati mpopi ukamatha madzi, koma nambala iliyonse inkamveka. Eyiti atayankha, wailesi inatsetsereka n'kugwera pabulangete. Ndinadziwa kuti kuseri kwa phiri anthu asanu ndi mmodzi aima pambali pa misomali yawo, akudikira. Malemu anandiyang'ana, n'kukankhira wailesiyo kwa ine ndi chala chimodzi. Sukulu yotsatira inali Naini. Mwa masukulu onse, Naini. Ndinaitenga, ndinadina, ndinaitana ndi mawu ogulitsira zidebe. Naini anachedwa kuyankha, kenako anayankha. Teni, Leveni, mpaka Fotini. Nditatembenuka maso awo anali otseka. Ankapumabe, koma sanalankhulenso. Fifitini panalibe womuitana.

Sindinatume uthenga kwa aliyense. Tauni yonse inamva mawu anga pamalo pa awo ndipo inadziwa. Akamwini anafika m'mphindi zisanu ndi chimodzi, tsiku lokhalo limene sindinadandaule za liwiro lawo. A Wani anafika wapansi, thukuta lili kamukamu, sopo uja osamvekanso. Sindinawabweze pakhomo. Musaganize kuti sindinaganizeko. Anagwira dzanja lamanzere, ine lamanja, akamwini kumutu, ndipo malemu anatisiya nthawi ili leveni koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi.

Dzulo Lachisanu anaitana ndi wa ku ofesi. Anafika pa Fotini n'kutseka, ati polemekeza maliro. Ine ndinali kukhitchini, wailesi m'manja. Masana ake bwana wa tayi anabwera ndi a Wani, anandikokera pambali, anayamba ndi pepani wautali, kenako anafika pa mlongoti, poti pepala palibe ndipo amene ndinagwirizana naye wagona apa. A Wani anati masukulu onse khumi ndi anayi agwirizana kuti kuyambira Lolemba ndiziitanidwa ine poyamba, iwo atsike akhale wachiwiri. Akamwini nawo anawonjezera zawo. Ati malemu anawauzapo kuti anandiika kumapeto dala, chifukwa masukulu amapatsidwa kamphindi kongoyankha, koma wotsiriza alibe womudikira pambuyo, angathe kulankhula za bondo lake mpaka atatopa. Ndamva, akamwini. Amenewo ndi mawu a wogulitsa akakupatsa poto wopanda chivundikiro, ati kuti uziona bwino zimene ukuphika. Koma ndamva, ndipo ndawasunga.

Yankho langa nali. Mlongoti ukhala. Pulagi sindidzaikhudzanso, ndi tepi yake yomwe. Mtengo wake ndi uwu, ndipo musanenerere, lero si tsiku la msika. Kalata ya chenjezo ija muichotse m'failo ya mwana wanga, mundibweretsere m'manja Lolemba, ndipo ngati pafunika dzina loika pamalopo muike langa. Chithunzi chija chikhale pomwe chili, koma pansi pake mulembe kuti phewalo ndi la ndani. Ndipo amene aziitana m'mawa asadzaimenso pa Fotini. Koma zoti ndikhale woyamba, ayi. Ndakana. Belu limalira hafu pasiti seveni, ana a anthu atsimikizike kaye. Komanso aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ngongoleyi si yanu. Munatenga zambiri za mwana wanga, zina munazisamala bwino kuposa mmene ndikanachitira ine, ndavomera pamaso pa anthu ndipo sindidzabwerezanso. Koma ichi chokha ndi cha ine ndi iye. Simungandibwezere.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, awiri aakazi ndi mmodzi wamwamuna, alongo awo awiri, amalume awo amene ndawalanda pepala, ndi ine mayi wawo wowabala. Asiyanso masukulu khumi ndi anayi ndi misomali khumi ndi inayi, ndipo amene abwezere wailesi m'kabati adzaonana ndi ine.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene sanatope nafe, anzawo a akamwini amene anasinthana maulendo kuti iwo azipezeka pano, ozimitsa moto amene akwezera madzi paphiri lino masiku awiri, apolisi, aneba amene abwereketsa mipando, atelala amene asoka chovala chomaliza cha malemu n'kukana kulandira kanthu, amayi ophika a m'masukulu onse amene agwira ntchito kuseriku, ndi abusa amene andilola kupitirira nthawi. Mabeseni amene ali kuseriko ndi anga, ali khumi ndi awiri, abwerere onse. Ndikuthokozanso a Wani chifukwa cha magetsi a 1993.

Tsopano achimwene andikhululukire, ulemu uja ndausiya. Mwana wanga, ena amati imfa imafafaniza ngongole. Kwa ine ayi. Gona, wagwira ntchito, mzimu wako uuse mumtendere, ndipo pasapezeke wokudzutsa seveni koloko. Ine ndikhala kukhitchini kuyankha anthu ena mpaka tsiku langa. Koma ndikadzafika kumeneko, ngakhale pakhale mzere wautali bwanji, ngakhale aphunzitsi atanditsogolera, udzayambe ndi ine.